Tsiku Limene Ndinapempha Mkodzo wa Mpongozi Wanga

Ana anga, nkhani iyi mumaidziwa theka, ndipo theka limene mumadziwalo ndi loseketsa. Khirisimasi iliyonse wina wa inu amaikumbutsa kuti amayi anasokoneza phwando la Mwansa, anakaphika mkodzo m'khichini mwa eni. Mumaseka mpaka misozi, inenso ndimaseka nanu. Tsopano poti ndapuma pa ntchito ya uzamba ndipo masana anditalikira kuno ku Chelstone, ndati ndilembe theka linalo, limene sindinauzepo munthu kupatula malemu atate anu.

Chaka choyamba cha ntchito

Nditamaliza maphunziro ananditumiza ku kiliniki ina yaing'ono chakufupi ndi Kabwata. Dzina lake sinditchula. Ndinafika ndi yunifolomu yosita bwino, wotchi pachifuwa, ndi Chinyanja cha kwathu ku Katete chimene azimayi a m'tauni ankachiseka. Tsiku loyamba lomwelo wina anandiuza kuti, "Ba Sisita, imwe mukamba monga Baibulo." Mkulu wathu anali Sisita Mulenga, mayi wamfupi wa Chibemba, wosaseka wamba. Ankamangirira makiyi a kabati ya mankhwala m'chiuno, moti tinkamva makiyi eni ake asanatulukire, aliyense n'kuyamba kuoneka wotanganidwa. Ndinkawaopa kuposa mmene ndinkaopera apongozi anga.

Sikelo ya amayi oyembekezera inkachitika Lolemba ndi Lachinayi, ndipo mzere unkafika panja pa mtengo wa jakaranda. Dandaulo limene ndinkalimva kuposa lililonse linali chilungulira, kutentha kuja kumene kumayambira pamtima n'kukwera kummero ndi madzi owawasa. Mwana akamakula amakankhira chifu m'mwamba, ndipo pathupi pamafewetsa khomo la chifucho, ndiye zam'mimba zimabwerera. Si matenda oopsa, koma mayi wosagona masabata atatu simungamuuze zimenezo. Tinkawaphunzitsa kudya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku m'malo modzaza mbale kawiri, kusagona atangodya koma kudikira maola atatu, kugonera kumanzere, ndi kuika njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu. Zokazinga, tsabola, tiyi wakuda bii ndi zakumwa za gasi tinkati achepetse. Zikakanika tinkawathirira mankhwala oyera ngati mkaka a m'botolo lalikulu, n'kuwachenjeza kuti asamwere limodzi ndi mapilisi owonjezera magazi, koma asiyanitse ndi maola awiri, chifukwa oyerawo amalepheretsa enawo kugwira ntchito.

Mdani wathu anali soda yophikira therere. Khichini iliyonse ya mu Lusaka ili nayo. Mayi amathira kasupuni m'madzi, amamwa, amageya kamodzi, moto uja zii, ndiye inu mubwere mumuuze kuti mchere wa sodayo umasunga madzi m'thupi ndipo si wabwino kwa woyembekezera. Amakuyang'anani ngati mwamulanda mwamuna. Pamwamba pa sodayo panali chikhulupiriro chimene ndachimva kwa ogulitsa tomato ndi kwa maloya omwe, chakuti chilungulira ndi tsitsi la mwana likukanda mayi ake. Chimenechi sindinkalimbana nacho. Ndinkachiona ngati nthabwala yosapweteka munthu, mwinanso ndinkaikometsera ndekha kuti mzere useke.

Chaka chachiwiri, mwezi wa Okutobala

Kunatentha chaka chimenecho moti phula linkamata nsapato. Makina oyezera BP tinali nawo amodzi, ndipo mphira wake unang'ambika. Anawatenga kukawakonza, sabata yachitatu inakwana asanabwere. Timapepala toviika mumkodzo tinali titatha kale. Lachinayi limenelo Sisita Mulenga anapita ku msonkhano, ine n'kutsala ndi mzere wonse ndekha.

Chakumasana analowa mayi wachitsikana dzina lake Esinati, wogulitsa zitenje m'sitolo ina ku Kamwala. Inali mimba yake yoyamba, ya miyezi isanu ndi itatu. Anali wansangala, wa mpata kumano, koma anakhala pampando atagwira pansi pa bere ndi chibakera.

"Ba Sisita, chilungulila chanivuta. Apa so, monga muli malasha."

"Dzulo munadya chiyani?"

"Chipisi na soseji," anayankha akubisa nkhope.

"Ndiye mukudabwa chiyani?"

Tinaseka tonse. Anati mutunso ukumupweteka, ine ndinati ndi dzuwa la Okutobala. Ndinaona zingwe za patapata zitalowa m'mapazi ake otupa, ndinati ndi kuimirira tsiku lonse m'sitolo. Chizindikiro chilichonse ndinachipezera chifukwa chake, poti panja panali azimayi ena makumi angapo ndipo ine ndinali ndisanamwe ngakhale madzi. Ndinamuthirira mankhwala oyera aja m'kabotolo kamene anabwera nako, ndinamuuza za njerwa, ndipo pa khadi lake, m'kabokosi ka BP, sindinalembe kanthu. Potuluka anatembenuka nati, "Amai banga bakamba ati ni sisi ya mwana." Ine ndinati, "Mugulirenitu chipeso."

Loweruka m'mawa anabwera naye atamugoneka pa mabelo a nsalu kumbuyo kwa vani ya kusitolo kwawo. Thupi lonse linali kugwedezeka ngati wa khunyu, lilime atadziluma. Sisita Mulenga anamugoneka chammbali, anamubaya jakisoni, n'kukwera naye ambulansi kupita ku chipatala chachikulu. Esinati anapulumuka. Mwana wake, wamwamuna, sanapulumuke.

Chimene anali nacho sichinali chilungulira. Anali matenda a BP amene amagwira amayi mimba ikapitirira theka. Akakula amatupitsa nkhope ndi manja, amapweteketsa mutu, amachititsa mayi kuona tinyenyezi, ndipo chiwindi chikayamba kuvutika ululu wake umamveka pamtima kapena pansi pa nthiti za kumanja, pomwe pamamvekera chilungulira. Zonsezi ndinaziphunzira kusukulu ndipo ndinakhoza mayeso ake. Ndinangoziiwala pa tsiku limene zinafunika.

Lolemba Sisita Mulenga anandiitanira mu ofesi, khadi la Esinati lili patebulo, kabokosi kopanda kanthu kaja kali pafupi ndi siginecha yanga. Ndinayamba kunena za makina. Anandidula.

"Makina yanafa, inde. Manje maso yako nayo yanafa?"

Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anagwada, anatsegula kabati ya pansi, anatulutsa kachubu kagalasi, kanyale ka sipiriti ndi botolo la viniga. Anandituma kukatenga mkodzo wa mayi wina amene anali atatupa mapazi pamzere. Anauthira m'kachubu, anautenthetsa pamoto mpaka unawira, nandiuza kuti ukachita mitambo yoyera ngati dzira lophika uthire madontho a viniga, ndipo mitamboyo ikapanda kusungunuka, impso za mayiyo zikutaya zosayenera kutaya. Wa mayi ameneyo sunachite mitambo, unali bwinobwino. Kenako anandipatsa kachubuko m'manja.

"Chilungulila sichipaya muntu, mwana wanga. Koma kuli chinyama chamene chimavala malaya ya chilungulila. Uyambe wasakila chinyama, ndiye upase mankwala."

Patapita miyezi iwiri Esinati anabwera ku kiliniki atawonda, atanyamula kaphukusi ka nyuzipepala. Ndinafuna kubisala m'chipinda cha mankhwala. Anandipeza, anagwada, n'kundipatsa chitenje chabuluu cha nkhanga zachikasu.

"Ba Sisita, munanisamalila bwino. Siku lija munanisekesa. Benangu bamatikalipila chabe."

Zoona sindinamuuze. Ndinalandira chitenjecho ndi manja awiri, ndinathokoza, iye anapita. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero. Chitenjecho ndinachiika pansi pa sutikesi, ndipo kulikonse kumene tinasamukira chinapita nafe, koma sindinachivalepo.

Zaka za pakati

Kuchokera pamenepo ndinakhala mzamba wovuta. Ananditumiza cha ku Chunga, kumene madzi ankasowa kuposa mankhwala, kenako ndinakagwira ntchito m'chipatala china chaching'ono ku Woodlands, kumene amayi ankabwera ndi mabotolo a mankhwala ogula kunja ndi mafunso owerenga pafoni. Konseko lamulo langa linali limodzi: mayi akangoti chilungulira, ayambe wapereka mkono ndiyeze BP, apite akandipatse mkodzo, ndiye tikambirane. Anamwino anzanga anandipatsa dzina loti Sisita Kodzani. Ankaganiza kuti sindikulidziwa. Dokotala wina wachinyamata anandidandaulira kuti ndikuchedwetsa mzere ndi nkhani ya kugeya, ndinamuyankha kuti mzere ndauonapo ukufupika m'njira imene iye sangaikonde. Ambiri mwa amayiwo chinalidi chilungulira wamba. Ndinkawalanda soda, kuwapatsa mankhwala oyenera, ovutika kwambiri n'kuwatumiza kwa dokotala kuti awalembere amphamvu osavulaza mwana, ndipo ankabwera kudzandiuza kuti agona tulo. Ndinagula makina anga a BP, ndipo ankakhala m'chikwama changa pamodzi ndi buku la nyimbo.

Chaka chomaliza ndisanapume, Loweruka lina la Seputembala

Iwe Yotamu unali utakwatira Mwansa, mwana wobadwira muno m'tauni, wogwira ntchito ku banki, waulemu wake. Ine ndinaleredwa kuti mpongozi ndi munthu wopatsidwa mtunda. Sumudyera mbale imodzi, sulowa kuchipinda kwake, sumufunsa za thupi lake. Ndinasunga zimenezo. Ine amene ndinagwira mimba za azimayi a theka la Lusaka, ya mpongozi wanga sindinaikhudzepo ngakhale ndi chala. Anali ndi dokotala wake m'tauni, ndipo ndinkangofunsa kwa iwe kuti kunyumba kuli bwanji.

Mimba itakwana miyezi isanu ndi iwiri ndi theka, mayi ake anamukonzera phwando kunyumba kwawo ku Avondale, limene masiku ano amati bebe shawa. Kwathu sitigula ngakhale thewera mwana asanabadwe, koma ndinati za eni n'za eni, ndinavala diresi la mtundu umene anatiuza, n'kupita pakamwa nditatseka. Panali tenti, mabaluni, ndi mayi wina wa maikolofoni amene sankapuma. Mwansa anamukhazika pampando wokongoletsedwa, lamba wonyezimira atamupachika paphewa. Ndinali ndisanamuone milungu itatu. Nkhope inali itadzaza, zikope zitalemera. Mphete ya ukwati inali pa tcheni m'khosi osati pachala. Ankamwetulira alendo atatsinzina ngati kuwala kukumulasa, ndipo mphindi zingapo zilizonse ankakanikiza chibakera pansi pa nthiti za kumanja. Chibakera chimenecho ndinali nditachionapo.

Ndinalowa m'khichini ndipo ndinapeza asebele anga, Bana Mwansa, amene ndi mayi ake a Mwansa, akutakasa madzi m'tambula ndi kasupuni.

"Asebele, chimenecho n'chiyani?"

"Ni soda chabe, asebele. Chilungulila chamuvuta maningi iyi wiki. Uyu mwana azabadwa na sisi yoluka kudala!"

"Musamupatse. Kusikelo anapita liti?"

"Enze afunika kuyenda pa Chibili, manje na vokonzeka vonse ivi, tinakamba ati azayenda pa Mande. Naine nenze so pamimba ya yeve, vinasila veka." Anandigwira paphewa akuseka. "Lelo simuli pa nchito, Ba Sisita. Lelo ndimwe ambuya. Nkalani pansi mudye keke."

Sanalankhule mwachipongwe. Ndi mayi wokonda mwana wake, ndipo anali atagwira ntchito mwezi wathunthu kukonza tsiku limenelo. Ndinaima pafupi ndi sinki ndikulingalira. Ndikadzutsa mwana wa eni pakati pa alendo ake n'kupezeka kuti ndi chilungulira wamba, Lusaka yense adzamva kuti mpongozi wa ku Katete analosera tsoka pa phwando la mdzukulu wake, ndipo chilichonse chimene chingadzachitikire mwanayo adzati ndi pakamwa panga. Iwe Yotamu ukanakhala pakati pa mabanja awiri osalankhulana. Zonsezo ndinaziona bwinobwino. Koma ndinaonanso kabokosi kopanda kanthu pa khadi lija.

Ndinatuluka, ndinadutsa pakati pa matebulo, n'kukagwada patsogolo pa mpongozi wanga. Mayi wa maikolofoni uja anasiya chiganizo pakati, poti mpongozi wamkulu kugwadira wamng'ono pagulu anali asanazionepo.

"Apongozi, pepani. Ndikupempha tilowe m'nyumba pang'ono."

M'chipinda ndinamufunsa za mutu. Anati, "Ubaba kuchokela pa Chitatu, Mami. Na maso, nimaona tunyenyezi." Ndinatulutsa makina m'chikwama. Nambala imene ndinaona sindinaikhulupirire, ndinayezanso mkono winawo, inali yomweyo. Ndinati tipite kuchipatala tsopano lino. Bana Mwansa anali ataima pakhomo, tambula ija idakali m'manja.

"Asebele, BP imakwela na chongo na kukondwela. Tisilize chabe ma gifti, awala imozi. Bamai busa balipo, bazapempela. Bantu bachoka kutali."

Mwansa ankayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana ine, misozi ili m'maso. Ndinadziwa kuti nambala sizingawagonjetse, ndipo kumukoka mwana pamaso pa mayi ake sindikanatha. Pankafunika chinthu choti aone ndi maso awo. Ndinatenga kapu imene inali patebulo n'kumupatsa.

"Apongozi, ndikupempha mkodzo wanu."

Anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. "Awe, Mami. Imwe? Siningakwanise."

"Mwana wanga, manyazi tidzachita mawa, tonse awiri. Lero ndipatse."

Kanali koyamba kumutchula kuti iwe. Anapita, anabwera nayo kapu ija ataiphimba ndi kansalu, osandiyang'ana. Ndinalowa nayo m'khichini, ndinapempha azimayi ophika kuti andipatse malo, ndinatenga chipande chachitsulo, ndinathiramo pang'ono n'kuchiika pamoto wa gasi. Mmodzi wa ophikawo anati, "Yangu!" n'kutuluka. Sipanathe mphindi, mkodzo uja unagwirana, unayera ngati dzira lokazinga. Ndinathira viniga wa saladi, sunasungunuke. Pa zaka zanga zonse ndinali ndisanaone wogwirana choncho.

"Asebele, onani. Izi si tsitsi. Impso za mwana wanu zikulephera, ndipo akhoza kugwa ngati wa khunyu nthawi iliyonse."

Bana Mwansa anayang'ana m'chipandemo. Anaika tambula ya soda pa sinki. "Yesu wanga," anatero chapansipansi, kenako anakuwa kuti wina awapatse makiyi a galimoto. Anayendetsa okha, ndipo mmene anadutsira magalimoto pa msewu waukulu ndinapemphera m'zilankhulo zimene sindizidziwa. Mwansa anagona chakumanzere kumpando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo panga, lamba wonyezimira uja akadali paphewa. Iwe unatipeza kuchipatala utavala jezi ya mpira.

Anamubaya jakisoni woletsa kugwa, anamupatsa otsitsa BP, ndipo m'mawa mwake madokotala anati sangadikirenso, anamuchita opaleshoni. Taonga anabadwa wolemera ngati paketi ya shuga ndi theka, koma analira. Tsiku lachitatu anatilola ine ndi asebele kumuona ali m'kabokosi kagalasi kofunditsira ana. Kamutu kake kanali kosalala ngati dzira. Bana Mwansa anayang'ana, anayang'ananso, n'kundikodola.

"Asebele, nanga sisi ili kuti?"

Tinaseka mpaka tinagwirana, kenako tinapezeka tikulira, anamwino n'kutitulutsa. Kuyambira tsiku limenelo mayi ameneyu ndi m'bale wanga, ndipo ku tchalitchi kwawo ndi amene amalanda soda azimayi oyembekezera.

Patatha milungu iwiri anamwino anati mwana atuluke m'galasi, azimumangirira pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhudza khungu, kuti azifunda. Panafunika chitenje chofewa. Ndinapita kunyumba, ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, ndinachotsa zonse mpaka pansi. Nkhanga zachikasu zija zinali momwemo, mizere ya mopinda itayera ndi zaka. Ndinachichapa kawiri, ndinachiyanika padzuwa, ndinachisita. Kuchipatala ndinamugoneka Taonga pakati pa mabere a mayi ake, ndinazunguliza chitenjecho, n'kumanga mfundo ndi manja anga pamsana wa mpongozi wanga. Palibe anachita manyazi.

Mwansa anasisita nsaluyo nati, "Mami, chitenge chabwino ichi. Munagula kuti?"

"Sindinagule. Anandipatsa mayi wina wa ku Kamwala."

"Munamutandiza?"

Ndinakonza kachipewa ka mwana, ndinati ndidzakuuzani tsiku lina.

Apongozi, ndikudziwa kuti nkhaniyi mudzaiwerenga ndinu poyamba, poti amuna anu sawerenga chinthu chopanda zigoli. Tsiku lija ndi lero. Sindinamuthandize. Dzina lake ndi Esinati, ndipo mwana wake akanakhala wamkulu kwa Yotamu ndi chaka chimodzi.